Mwala wopanda denga, mudzi wopanda zitseko: zomwe ndaona ku Shani Shingnapur

Nabanda wa ku Pune: Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga. Ndinalonjeza kuti ndifotokoza za ulendo wa Loweruka uja nde nawu, mupirire nane italika pang'ono. Mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi kusukulu kuno ananditenga pamodzi ndi makolo ake ndi agogo ake aakazi kupita kumudzi wina wotchedwa Shani Shingnapur, m'boma la Ahmednagar lomwe pano alisintha dzina akuti Ahilyanagar, komwe kuno ku Maharashtra m'dziko la India. Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, kukafika dzuwa litakwera kale. Inetu m'mutu mwanga ndimayembekezera chinyumba chachitali chosemasema ngati makachisi omwe timaona pa TV aja. Ayi ndithu. Pakati pa bwalo pali nsanja yomangidwa bwino, pamwamba pake paima mwala wakuda bii, wotalika ngati munthu wamkulu, amati mafiti asanu ndi theka. Ulibe nkhope, ulibe manja, palibe anausema. Ndipo pamwamba pake palibe denga olo pang'ono, dzuwa likuuwomba mvula ikuuvumba chaka ndi chaka. Mwalawo ndiye Shani, mulungu wa Ahindu, amene anthu onsewo adzera.

Nabanda wa ku Pune: Chomwe sindidzaiwala ndi mafuta. Mwala wonse ukunyezimira chifukwa amautsira mafuta tsiku lonse osalekeza, akuyenderera mpaka pansi kulowa mu ngalande yomwe anaikonzera. Fungo lake ngati uli pafupi ndi chiwaya koma losakanikirana ndi lubani ndi maluwa. Nsapato tinavula kutali, pansi pakutentha moti mapazi anga anamva kuwawa, koma agogo aja azaka zoposa 80 akungoyenda phee kabotolo kawo ka mafuta atakafumbata pachifuwa ndi manja awiri.

Mai a Tadala: Eee achemwali mwayamba bwino, pitirizani tikumva. Koma mafutawo ndi ophikira omwewa??

Nabanda wa ku Pune: Omwewa mai, makamaka a chitowe ndi a mpiru. Amabweretsanso chitowe chakuda, nyemba zina zing'onozing'ono zakuda zomwe amati urad, kansalu kakuda, ndi nkhata ya masamba a chitsamba china chotchedwa rui. Zonse zakuda chifukwa mtundu wa Shani ndi wakuda, ndipo mbalame yake ndi khwangwala.

Achimwene a ku Jubeki: Sisi ndinamvapo za mudzi umenewu kwa m'mwenye wina amene ndimagwira naye ntchito kuno. Si komwe nyumba zake zilibe zitseko kuja? Ine ndinamuuza kuti aise usandinamize

Nabanda wa ku Pune: Komweko achimwene, ndipo sanakunamizeni. Ndaona ndi maso angawa. Nyumba za njerwa, zopaka penti, zina za simenti zabwinobwino, felemu ilipo koma chitseko mulibe, pangolendewera katani basi. Mkati ukuona TV, ukuona mapoto. Ena usiku amangotsamiritsa thabwa pakhomo kuti agalu asalowe. Ma shopu pafupi ndi kachisi chimodzimodzi. Amakhulupirira kuti Shani ndi mlonda wa mudzi wonse, ukaba sufika patali, ena amati umachita khungu ena amati umazungulira m'mudzi momwemo osaiona njira yotulukira mpaka kucha.

Madala Jere: Mwana wanga zimenezi kwa ife achikulire sizachilendo kwenikweni. Ndikukula ine kwathu ku Ntchisi chitseko chinali cha bango kapena mapesi, ukamachoka umangochikoka n'kupingasa kamtengo, osati kuletsa munthu ayi koma nkhuku ndi mbuzi. Nkhokwe inali panja yopanda loko chaka chonse. Ndipo munda wotsirika unkadziwika, mwana aliyense ankauzidwa kuti ukathyola chimanga m'munda wa auje dzanja likanirira pa phesi mpaka mwini wake akupeze. Kaya zinkachitikadi kaya ayi, chimanga chinkafika pokolola chili chonse. Nde mukamanena za kuzungulira osaona njira ndikumva ngati nkhani ya kwathu.

Nankhoma: Madala mwandikumbutsa agogo anga. Koma Nabanda tiuzeni chiyambi chake, mwalawo unachokera kuti, anauika ndani?

Nabanda wa ku Pune: Apa nde mumvetsere chifukwa pali pena pomwe ndinachita kudzidzimuka. Agogo aja amafotokoza m'Chimarathi mnzanga n'kumamasulira. Akuti kalekale, eni mudzi amati padutsa zaka 300 kapena 400, kunagwa chimvula choopsa, kamtsinje ka pafupi kotchedwa Panasnala kanasefukira. Madzi ataphwa abusa a ziweto anapeza chimwala chakuda chitakodwa m'mbali mwa mtsinje. M'modzi anachibaya ndi ndodo yake yosongoka, mwala n'kutuluka magazi. Anthu anathawa ndi mantha. Usiku womwewo Shani anamulotetsa m'modzi mwa iwo kuti mwala mwauonawo ndine, ndikufuna kukhala m'mudzi mwanu. Munthu uja anafunsa kuti tikumangireni kachisi? Yankho linali loti ayi, denga langa ndi thambo, musandifunditse kanthu, muzingonditsira mafuta Loweruka lililonse ndipo m'mudzi muno simudzaopa wakuba. Kutacha anthu ambirimbiri anayesa kuunyamula mwala osasuntha. Mpaka anauzidwa kuti oti aunyamule ndi anthu awiri okha, malume ndi mphwake, mwana wa mlongo wake. Atagwira awiriwo mwala unanyamuka mosavuta. Iwo amati mama ndi bhanja.

Nankhoma: Malume ndi mphwake?! Ku India?? Ine ndimayesa zoti malume ndi mwini mbumba ndi zathu zokha

Nabanda wa ku Pune: Inenso ndinafunsa kawiri kuti ndamva bwino? Mnzanga akuti kwawo ufumu ndi chuma zimatsata kwa bambo osati ngati ife Achewa, koma malume ali ndi malo ake apadera, paukwati wa mwana wa mlongo wake ndi iye amaima kutsogolo pa miyambo ina. Nditawauza agogo aja kuti kwathu malume ndi amene amamva milandu ya ana a mlongo wake ndipo mpando umapita kwa mphwake, anandigwira dzanja nthawi yaitali osalankhula.

M'bale Yohane: Pepani abale ndilankhulepo. Ine sindikumva bwino kuti pagulu pano tikukambirana mwala ngati ndi chinthu chamoyo. Eksodo 20 ikunena poyera za mafano. Mlongo wanga Nabanda ndinu mwana wa mpingo, mumakatani kumalo ngati amenewo, ndipo mafutawo inu munatsira nawo?

Nabanda wa ku Pune: Funso labwino achimwene Yohane ndipo sindikhumudwa nalo. Sindinatsire, sindinagwade, ndipo palibe anandikakamiza. Ndinaima pambali ndi bambo ake a mnzangayo amene anatsala nane dala kuti ndisakhale ndekha. Banja limeneli linandisamala nditadwala chaka chatha, mai ake anandiphikira phala sabata yathunthu, ndipo pa Khrisimasi mnzangayo anandiperekeza kutchalitchi n'kukhala nane mpaka mapemphero kutha. Nde atandiitana kuti ndikaone malo omwe agogo ake akhala akupitako kuyambira ali mtsikana, ndinaona kuti kukana kukhala kupanda ulemu. Chikhulupiriro changa ndabwera nacho momwe ndinapitira nacho.

M'bale Yohane: Ndamva mlongo. Ine maganizo anga sanasinthe pa za mwalawo koma za ulemu kwa anthu okusungani ndikugwirizana nazo. Muzipemphera musanapite kumalo otere.

Aphunzitsi a ku Nsanje: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ine ndikufuna ndiyankhe a Yohane mwaulemu, kuti kudziwa mbiri ya malo opembedzera a anthu ena sikupembedza nawo. Kuno kwathu tili ndi Khulubvi, kachisi wa Mbona, ndipo ana anga a sukulu ambiri ndi Akhristu ndi Asilamu koma ndimawaphunzitsa. Ndikuwerenga za Nabanda ndimangoona zofanana. Ku Khulubvi sulowa ndi nsapato, nsalu yake ndi yakuda, nkhalango yake sudulamo mtengo ndipo yakhala choncho zaka mazanamazana popanda mpanda wa waya kapena mlonda wa mfuti, pomwe mapiri oyandikana nawo anthu anameta kalekale. Ndipo mu mbiri ya Mbona namonso muli malume, Mlauli, kungoti kumeneko malume ndi mphwake anakangana pa za kuvina mvula mpaka Mbona anathawa n'kuphedwa. Kwa anzathuwo malume ndi mphwake ananyamulira limodzi. Sindikuti ndi chipembedzo chimodzi ayi, n'zosiyana kutalitali, koma mudzi ukagwirizana kuti apa ndi popatulika pamasungika.

Madala Jere: Aphunzitsi mwalasa. Nkhalango ya kumanda kwathu ndi yokhayo yatsala ndi mitengo ikuluikulu.

Achimwene a ku Jubeki: Koma tinene zoona abale, mpaka lero palibe anabapo kumeneko? Ine kuno ndimagona ndi maloko atatu, geti, ndi mawaya a magetsi pampanda koma anandithyolerabe chaka chatha n'kutenga laputopu ndi ndalama zomwe ndimafuna kutumiza kumudzi. Nde nkhani ya mudzi wopanda chitseko imandikhudza penapake, ndikufuna ikhale yoona koma mtima ukukana

Nabanda wa ku Pune: Pepani ndi zomwe zinakuonekeranizo achimwene. Kunena zoona kuba kunachitikapo, mu 2010 ndi 2011 nyuzipepala za kuno zinalemba za ndalama zobedwa m'galimoto ndi golide wobedwa m'nyumba. Eni mudzi ukawafunsa amati zimenezo zinachitika kunja kwa malire a mudzi kapena anachita ndi alendo. Bambo ake a mnzangayo, omwe ndi munthu wowerengera ndalama ndipo salankhula zokometsera, anandiuza m'galimoto kuti pali zinthu ziwiri, anthu amamuopadi Shani kuchokera pansi pamtima, komanso mudziwo umadya chifukwa cha mbiri imeneyi nde munthu akabedwa amaganiza kawiri asanapite kupolisi kukaipitsa dzina la mudzi. Mu 2011 banki ya UCO inatsegula nthambi yake konko n'kulengeza kuti ilibe loko, chitseko chilipo chagalasi koma chopanda loko wooneka uja, ngakhale ndalama zenizeni amazisunga motetezedwa chifukwa malamulo a banki salola. Ngakhale polisi ya kumeneko anaitsegula pakhomo pali pululu.

Mai a Tadala: Ndiye Shaniyo ndi ndani kwenikweni kuti azimuopa chonchi? Ndi mulungu wawo wamkulu?

Dokotala wa mawa: Ndiyankheko mai, ine ndinaphunzira ku Bangalore zaka zisanu. Si wamkulu ngati Shiva kapena Vishnu ayi. Shani ndi pulaneti ija ya Saturn, imodzi mwa zakumwamba zisanu ndi zinayi zomwe Ahindu amati Navagraha. M'nkhani zawo ndi mwana wa Surya, dzuwa, ndipo mai ake ndi Chhaya kutanthauza mthunzi, m'bale wake ndi Yama woweruza akufa. Loweruka m'zilankhulo zambiri za kumeneko ndi Shanivar, tsiku la Shani. Ntchito yake ndi kubwezera munthu molingana ndi zochita zake akadali moyo, nde samuona ngati woipa koma ngati woweruza wosalandira chiphuphu. Chomwe amaopa kwambiri ndi nyengo yotchedwa sade sati, zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Saturn imatenga zaka pafupifupi 29 ndi theka kuzungulira dzuwa, nde m'chigawo chilichonse mwa zigawo 12 za kumwamba imakhalamo zaka ziwiri ndi theka. Ikamadutsa chigawo chomwe munali mwezi tsiku lomwe unabadwa, kuphatikiza cham'mbuyo ndi chakutsogolo, ndi zaka 7 ndi theka zimenezo, ndipo amati ndi nthawi ya mayesero, ntchito kutha, matenda, milandu. Anzanga ophunzira bwino a udokotala ankasala kudya Loweruka chifukwa cha zimenezi, ena kupita kwa Hanuman, mulungu wawo wina, poti amati iye amafewetsa mkwiyo wa Shani.

Nabanda wa ku Pune: Zoona adokotala, ndipo pa nsanja pomwepo pambali pa mwala pali mkondo wa nsonga zitatu wa Shiva, kang'ombe kake kotchedwa Nandi, ndi chifanizo cha Hanuman. Agogo aja anapita chifukwa mwana wawo wamwamuna wina, malume ake a mnzangayo, akuti ali mu sade sati ndipo bizinesi yake yagwa. Mafuta aja amatsirira iyeyo. Ndinawaona milomo ikugwedera akutchula dzina lake, misozi ili m'masaya, ndinakumbuka mai anga momwe amatchulira maina athu m'modzim'modzi pa pemphero la usiku.

Nankhoma: Dikirani kaye, agogowo anafika pamwala penipeni? Ine ndinamva kuti akazi saloledwa

Nabanda wa ku Pune: Zinali choncho kwa zaka mazana achemwali, mpaka 2016. Kale amuna okha ndi amene ankakwera pa nsanja, ndipo ankayamba asamba n'kukwera ndi nsalu yonyowa ya mtundu wa olenji, chifuwa chili pamtunda. Akazi ankaima pansi n'kumaonera patali. Mu 2000 Narendra Dabholkar, dokotala uja ankalimbana ndi zikhulupiriro zopondereza anthu, anatsogolera gulu kukatsutsa zimenezi koma sizinasinthe. Nde mu Novembala 2015 mtsikana wina anadumpha chotchinga n'kukwera kukatsira mafuta, kamera inamujambula, ndipo atachoka anthu anatsuka mwalawo ndi mkaka kuti wadetsedwa. Zimenezo ndi zomwe zinakwiyitsa amayi ambiri. Pa 26 Januwale 2016, tsiku lokumbukira malamulo a dziko la India, Trupti Desai ndi gulu lake la Bhumata Brigade ananyamuka ku Pune ndi amayi mazanamazana m'mabasi, apolisi anawaimitsa panjira pa Supa asanafike. Kenako nkhani inapita ku khothi lalikulu la Bombay, Vidya Bal ndi mnzake ndi omwe anakasuma, khothi n'kunena kuti pomwe mwamuna akuloledwa kulowa mkazinso alowe, ndipo lamulo lake linalipo kale kuyambira 1956 kungoti silimatsatidwa. Pa 8 Epulo 2016, tsiku la chaka chatsopano cha Amarathi lomwe amati Gudi Padwa, akuluakulu a kachisi anatsegulira akazi.

Mai a Tadala: Kutsuka ndi mkaka chifukwa wakhudza ndi mzimayi, pomwe mkakawo ukuchokera kwa ng'ombe yaikazi. Zandipweteka mumtima

Madala Jere: Komatu ana inu mwambo uli ndi eni ake. Khothi likayamba kulowerera za kukachisi mawa lidzalowa kudambwe. Si chilichonse choletsedwa chomwe chili chonyoza, kuchinamwali cha atsikana ife amuna sitifikako ndipo sitidandaula.

Nankhoma: Madala ndi ulemu wonse, kuchinamwali mukachokako satsuka bwalo ndi mkaka kuti mwalidetsa. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Ndipo amayi amenewo sanali alendo, ndi achipembedzo chomwecho, Shaniyo ndi wawonso

Aphunzitsi a ku Nsanje: Ndionjezere kuti m'mbiri yathu mkazi sanali kunja kwa kachisi. Ku Msinja mwini kachisi wa mvula anali Makewana, mayi, ndipo mafumu ankatumiza nsembe kwa iye. Ku Khulubvi kumakhala Salima, mkazi wa Mbona, ndi iye amakhala pafupi kwambiri ndi kachisi kuposa mwamuna aliyense. Koma mfundo ya a Jere isatayidwe, funso loti asinthe mwambo ndi ndani, eni ake kapena boma, ndi lolemera ndithu.

Nabanda wa ku Pune: Madala mfundo yanu amayi ambiri a m'mudzi momwemo ankainena, moti ena anakonzeka kukatchinga anzawo ochokera ku Pune aja. Ngakhale Anita Shete, mayi woyamba kusankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya kachisiyo mu Januwale 2016, ananena kuti mwambo upitirire momwe unalili. Nde sizinali za amuna mbali iyi akazi mbali iyo. Ine ndinawafunsa agogo aja kuti inu munali mbali iti. Akuti nthawi imeneyo anakwiya nawo a Desai, ankaona ngati akufuna kutchuka pa TV. Koma patapita zaka ziwiri anabwera ndi amuna awo omwe anali atayamba kudwala miyendo osatha kukwera masitepe, nde anangotenga botolo m'manja mwa amuna awowo n'kukwera okha. Akuti miyendo inkanjenjemera, ankadikira kuti china chake chiwachitikira. Atatsika amuna awo anawafunsa kuti ukuoneka bwanji pafupi, iwo n'kuyankha kuti inu mwakhala mukukwera zaka 50 osandiuza kuti mwalawu uli ndi timaenje.

Mai a Tadala: Agogo amenewo ndawakonda

Madala Jere: Akakhala kuti anakwera okha mwa kufuna kwawo ndiye ndilibe mawu. Ine chomwe ndimakana ndi kukankhidwa ndi anthu akunja.

Achimwene a ku Jubeki: Sisi nanga za malonda? Malo oterewa sakhala opanda ma vendor

Nabanda wa ku Pune: Ayi alipo ndipo ndi chokhacho chomwe chinandinyansa. Tisanalowe m'mudzi anyamata a njinga zamoto anatithamangira n'kumamenya galasi kuti imikani apa, n'kutilondolera pa shopu ina pomwe amafuna tigule mbale yonse ya nsembe pamtengo wokwera, mpaka kutiopseza kuti mukapanda kugula chakutichakuti Shani akwiya nanu. Bambo aja anawakalipira m'Chimarathi mpaka anabwerera. Ndinadzifunsa kuti anthu osaba m'nyumba angamachite bwanji zoterezi panjira. Mafutanso ena ankagulitsa osakaniza ndi zinthu zina, moti kuyambira mu Malichi 2025 komiti inalamula kuti pamwala pazitsiridwa mafuta a m'botolo lotsekedwa la kampani yodziwika okha, poopa kuti mwala ukudyeka. Koma chabwino cha m'njira ndi madzi a nzimbe, dera lonselo ndi minda ya nzimbe ngati ku Nchalo, ndipo amafinya ndi chigayo chamtengo chozunguzidwa ndi ng'ombe, n'kuthiramo ndimu ndi jinja. Ndinamwa makapu awiri.

Dokotala wa mawa: Mukadzapitanso yesani tsiku la Shani Amavasya, Loweruka lomwe lakumana ndi mwezi wamdima. Anthu amafika masauzande osawerengeka usiku wonse, ambiri amaphatikiza ndi ulendo wa ku Shirdi kwa Sai Baba, munthu woyera wakale amene amamulemekeza kumeneko, poti ndi makilomita 70 okha kuchoka pamenepo. Koma agogowo musawatenge tsiku limenelo, kumakhala kukankhana koopsa.

Nankhoma: Nabanda ine funso langa latsala pa denga paja. Zaka zonsezi ndi ndalama zonse zomwe kachisi amalandira palibe anayesapo kumanga kadenga?

Nabanda wa ku Pune: Zomanga zamangidwa zambiri achemwali, maholo, malo ogona alendo, podyera, mizere ya anthu ili ndi mthunzi, koma zonse zimathera patali ndi nsanja. Pafupi pake panali mtengo wa nimu ndipo amati nthambi iliyonse yomwe inkakula kuloza pamwala inkauma kapena kuthyoka yokha isanaponye mthunzi. Agogo aja akuti nthawi ya mvula wansembe amanyowa, opembedza amanyowa, mwala umanyowa, palibe amatsegula ambulera pamwamba pake. Titabwerera kugalimoto anandipaka kadontho ka mafuta otsala m'botolo pa chigongono pomwe khungu langa linauma, akuti awa sanafike pamwala usaope mwana wanga, ndi mafuta chabe.

M'bale Yohane: Anachita bwino kukuuzani choncho. Muwapatse moni agogowo.

Aphunzitsi a ku Nsanje: Nabanda ngati munajambula khomo lija la katani munditumizire ku inbox, ndikufuna ndikawaonetse ana a Fomu 2 Lolemba tikamakamba za Khulubvi. Ndipo muwafunsenso agogowo ngati mbumba ya malume ndi mphwake aja ikadalipo m'mudzimo.

Nabanda wa ku Pune: Zithunzi zilipo aphunzitsi, za makomo ndi za ng'ombe ya nzimbe ija, nditumiza netiweki ikakhazikika. Za mbumbayo ndiwafunsa Lamulungu, andiitana kukadya kwawo.